Zigamba za chitenje pa tizovala ta mdzukulu wanga

Loweruka, sabata yoyamba ya Meyi

Mdzukulu wanga wakwanitsa masabata atatu. Mchombo unagwa bwinobwino, m'chikuta anatuluka, ndipo abale ayamba kubwera kudzaona mwana. Lero ndiye ndayamba ntchito imene ndakhala ndikuisunga mumtima kuchokera pamene mayi ake anali ndi pakati. Sindinkafuna kuigwira iye asanabadwe. Ife tinaleredwa ndi mwambo woti mwana amene sunamuone nkhope sumusokera chovala n'kumachionetsa kwa anthu. Masiku ano kusikelo amauza amayi oyembekezera kuti akonzeretu zitenje, beseni ndi zina zotero, ndipo mwana wanga anakonza zonsezo, koma ine manja anga ankakanabe kugwira singano.

Dzulo ndinalawirira ku msika wa Limbe kuti ndikapeze belo la tizovala ta ana likungotsegulidwa kumene. Ndinabwerako ndi tinthu 12: timavesiti 6, timaovololo 3, tizipewa 2 ndi kajuzi kamodzi. Tonse n'ta thonje kupatula kajuziko. Kaunjika wa makanda amakhala ndi nsalu yofewa chifukwa inachapidwa kale kambirimbiri, koma nthawi zambiri pamakhala kena kake, apa banga lachikasu la mkaka losachoka, apo kabowo pafupi ndi batani. Totereti ndi timene amagulitsa motchipa, ndipo ine ndinasankha dala tomweto. Pamene pali banga ndi pamene pakhale chigamba.

Kavesiti kamodzi kali ndi chithunzi cha kadzidzi pachifuwa, wamaso aakulu, wojambulidwa mwaluso ndithu. Kumene kanachokera, kadzidzi ndi kambalame kosangalatsa ana. Asewere anga atangokaona anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Asewere, mbalame iyi si ya pachifuwa cha khanda." Ndinavomereza, chifukwa inenso ndikamva kadzidzi akulira padenga usiku tulo timandithawa. Koma nsalu ya kavesitiko ndi yabwino kuposa tonse, ndiye sindikataya. Ndidzamuphimba.

Manambala a pakhosi pa tizovalati, 56, 62 ndi 68, ndi kutalika kwa mwana m'masentimita. Ndiye kuti ta 56 ali nato masabata ochepa chabe. Ndiyambira tomweto.

Lachiwiri

Lero linali tsiku losankha nsalu, ndipo landitengera nthawi kuposa mmene ndinkaganizira.

Bambo atelala a pakhonde la golosale ya kwathu kuno amandisungira timapisi totsala akadula madiresi. Andipatsa jumbo yodzaza, osafuna ndi tambala yomwe. Nditaikhuthula pamkeka ndinapeza za mitundumitundu: zina za kuno ku Blantyre za ku fakitale ya nsalu ya Mapeto David Whitehead, zina zoti mwini wake anati anagula kwa amayi okaoda ku Dar es Salaam, zina zonyezimira zoti ukazigwira zimaterera m'manja. Zotererazi ndi zimene ndinkazikayikira. Ndinadula kachidutswa pa nsalu iliyonse n'kuyatsa ndi machesi panja. Thonje limayaka ngati pepala, fungo lakenso la pepala, ndipo limasiya phulusa lofewa loti ukalitikita limafumbutuka. Nsalu ya poliyesita imakwinyika, imasungunuka ngati jumbo n'kusiya kambulu kakuda kolimba. Zonse zosungunukazo ndaziika pambali, zikhala za chopondera pakhomo. Pa thupi la khanda zimatentha, sizimwa thukuta, komanso sizingapirire nsimbi ya makala.

Kenako nkhani ya utoto. Chidutswa chilichonse ndinachinyowetsa, n'kuchiika pakati pa kansalu koyera, n'kupsinja ndi nsimbi yotentha. Zofiira ziwiri ndi imodzi yabuluu wakuda zinasiya mtundu pa kansalu koyerako. Amayi ambiri amati ukaviika nsalu m'madzi a mchere utoto umagwira. Ndinayesa, ndinaviika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, koma zofiirazo zinatayabe mtundu. Nazonso ndazichotsa. Kavesiti koyera kakangodetsedwa ndi utoto wofiira ndiye kuti katha ntchito.

Nditamaliza zonsezo ndinatsegula sutikesi n'kutulutsa chitenje cha malemu mayi anga. Ndi chobiriwira, cha masamba ndi maluwa aakulu ozungulira achikasu. Ndi chimene ankaberekera mwana wanga, amene lero ndi mayi wa khandali, ine ndikapita kumunda. Ndakhala nacho zaka zambiri osachivala. Nditachitambasula padzuwa ndinaona kuti pakati panatha, kuwala kukudutsa ngati sefa ya ufa, koma chakumapeto konse kudakali kolimba. Nsalu yakale yotereyi ndiyo yoyenera ntchito imeneyi kuposa yatsopano iliyonse: inabwerera kale, utoto wotayika unatayika kale, ndipo kuuma kuja kwa chitenje cha kusitolo kunachoka. Ndinakhala nacho pamiyendo nthawi yaitali sizasi ili m'manja. Mwana wanga anandipeza choncho, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Amayi, dulani. Agogo akanakhalapo akanadula okha." Ndadula mbali imodzi yokha, yotalika ngati mkono wanga.

Lachinayi

Kuchapa ndi kusita basi. Tizovala tonse ndi timapisi tonse ndachapa kawiri ndi sopo wamtanda, n'kutsukuluza mpaka madzi atayera. Chidutswa chatsopano ukachisoka usanachichape, chimadzabwerera chili pachovala n'kukoka nsalu yoizungulira.

Ndayanika pachingwe, osati pa udzu, ndipo ndasita kunja ndi mkati. Mvula inatha, koma pa nkhani ya mphutsi ine sindipumira nyengo. Pali ntchentche ina imene imaikira mazira pa zovala zonyowa, makamaka zoyanikidwa pansi kapena pamthunzi, ndipo mphutsi zake zimalowa pakhungu. Kutentha kwa nsimbi ndiko kumapha mazirawo. Ndinaonapo mwana wa mnzanga ali ndi zithupsa zotere kumsana, sindifuna kuzionanso.

Lolemba, sabata yachiwiri

Chigamba choyamba chakanika, ndipo ndachimasula.

Ndinajambula chambo pa katoni ya tiyi, chotalika masentimita 6, n'kudula. Ndinachiika pa nsalu, kuzunguliza ndi pensulo, n'kudula ndikusiya mamilimita 5 kuzungulira konse oti ndipindire mkati. Mpaka pamenepo zinali bwino. Vuto linabwera posoka. Ndinaveka kavesiti pa bondo langa monga ndimachitira ndikamasoka chigamba pa buluku la abambo, ndipo sindinazindikire kuti ndikukatamula. Nsalu ya vesiti ndi yoluka, imatamuka mbali zonse, pomwe chitenje sichitamuka. Nditamaliza n'kukachotsa pa bondo, kavesiti kanabwerera mwakale, chambo chija n'kutukumuka pakati ngati thumba. M'mphepete monse munali makwinya.

Pomasula ndinaonanso china. Singano imene ndinagwiritsa ntchito inali yaikulu, ndipo m'malo ena inadula timaulusi ta nsalu yolukayo n'kusiya timabowo. Bowo pa nsalu yoluka limakula likamachapidwa. Mwayi wake onse ali m'kati mwa malo amene chigamba chiphimbe.

Ndinapita kukawaonetsa bambo atelala aja. Anakayang'ana, kukatamula ndi zala, n'kuti, "Mayi, nsalu iyi musamaigwire m'malere. Igoneni pathebulo, ikhale mmene imakhalira ikakhala yokha." Ndiye njira yanga tsopano ndi iyi. Ndimalowetsa katoni yosalala m'kati mwa kavesiti, yokwana bwino osakatamula, kuti singano isagwire nsalu ya kumsana. Chigamba ndimayamba ndachipinda m'mphepete ndi kuchisita chisanafike pachovala. Pamene pakhota ndimatema pang'onopang'ono ndi nsonga ya sizasi kuti mpendero ugone, osafika pa mzere wa pensulo. Kenako ndimachigwiriziza ndi misoko italiitali ya ulusi woyera, ya mtanda, imene ndimadzaisolola pomaliza. Mapini ndasiya, amakoka nsalu, komanso phini imodzi kuiwalika pa chovala cha khanda ndi ngozi. Singano ndatenga yaing'ono kwambiri mu paketi, imene imadutsa pakati pa maluko osawadula.

Kubwereza kwanditengera madzulo onse, koma chambo chagona fulati.

Lachitatu

Lero ndikufuna ndilembe za mkati mwa chovala, chifukwa ndaona kuti kumeneko ndiye kuli ntchito yeniyeni. Anthu odzaona mwana amaona kunja. Mwini wake chovalacho amamva mkati, usana ndi usiku, ndipo chikamamukanda sanganene, angolira ife n'kumaganiza kuti ndi m'mimba.

Nditatembenuza kavesiti ka chambo kaja ndinapeza mfundo zinayi za ulusi. Ndinakakhudzitsa patsaya langa ndipo ndinazimva zonse zinayi, zolimba ngati njere za therere. Khungu langa ndi la munthu wamkulu amene wakhala padzuwa zaka zonsezi, nanga la mwana wa mwezi umodzi? Ndinazidula n'kukonzanso. Tsopano poyamba msoko, singano ndimailowetsa pansi pa chigamba, pakati pa chitenje ndi vesiti, kuti mfundo ibisale m'menemo. Posoka, ndimatola timaulusi tiwiri kapena titatu ta vesiti, n'kulowa m'mphepete mwenimweni mwa mpendero, kuyenda mkati mwa mpenderomo mamilimita 2 kapena 3, n'kutulukanso. Kunja ulusi suoneka, mkati mumangooneka timadontho ting'onoting'ono. Pomaliza sindimanga mfundo. Ndimabwereza timisoko titatu pamalo amodzi pansi pa mpendero, kenako singano ndimaiyendetsa pakati pa nsalu ziwirizo n'kukaitulutsira patali, ndi kudula ulusi pomwepo kuti mchira wake ubwerere mkati. Ulusi suyenera kukokedwa kwambiri. Ukalimba, mwana akamavekedwa ndipo vesiti ikatamuka, ulusiwo umaduka kapena kung'amba nsalu.

Mnzanga woyandikana naye nyumba anabwera ndi timikanda takuda m'kabotolo kuti tikhale maso a nsomba ndi anapiye. Ndinamuthokoza, koma ndinamuuza kuti pa chovala cha khanda sindiika mkanda, batani lokongoletsera kapena chilichonse chothothoka. Miyezi ingapo ikubwerayi mwanayu ayamba kukoka chilichonse n'kuika m'kamwa, ndipo kamkanda kangathe kumutsamwitsa. Diso ndimalisoka ndi ulusi wakuda, timisoko tisanu kapena tisanu ndi kamodzi togundizana, ndipo ndimalisoka pa chigamba chisanalumikizidwe kuti mfundo zake zikatsekeredwe mkati.

Ndili potembenuza pomwepo ndinayang'ananso timaovololo tija tokhala ndi mapazi. Kunsonga kwake, kumene kumakhala zala, kunali ulusi wautali wolendewera wochokera ku fakitale, ndi tsitsi lomwe. Ulusi wotere kapena tsitsi zimatha kukulunga kachala ka mwana n'kutseka magazi popanda wina kuona. Ndadula zonse, ndipo ndamuuza mayi ake kuti akachapa aziyang'ana kumeneko nthawi zonse.

Timavesiti tiwiri ta 56 tatha: chambo ndi mwanapiye.

Lamulungu, sabata yachitatu

Kadzidzi waphimbika. Wanditengera masiku atatu, pang'onopang'ono tikaweruka ku ntchito za pakhomo.

Chithunzi chake si cha utoto wolowa mu nsalu, ndi cha pulasitiki yomata pamwamba. Singano imavuta kudutsapo ndipo nsimbi ikachikhudza chimamata. Choncho chigamba chinayenera kukula kupitirira chithunzicho mbali zonse kuti msoko udutse pa nsalu yokha, zimene zinandipatsa masentimita 10. Ndinayesa kaye chidutswa chachikasu chowala, koma maso a kadzidzi ankaonekera. Apa ndi pamene chitenje cha mayi anga chinandithandiza. Maluwa ake ozungulira aja ndi aakulu mokwanira, ndipo azunguliridwa ndi zobiriwira zakuda. Sindinajambule kanthu, ndinangodula duwa limodzi motsatira mmene linadindidwira.

Kupinda chinthu chozungulira kuti chisatuluke makona kuli ndi njira yake imene anandiphunzitsa mayi anga omwewo posoka tinsalu ta pathebulo. Umadula katoni yozungulira, kusoka msoko wothamanga m'mphepete mwa nsalu, kuika katoni pakati n'kukoka ulusi. Nsalu imadzikulunga yokha pa katoniyo. Ukasita, umachotsa katoni, ndipo umatsala ndi bwalo losalala. Ndinasita nditaika kansalu pamwamba, ndipo pachovalapo ndinasitira mkati.

Asewere anabwera masana titachoka ku tchalitchi. Anakatenga, kukatembenuza, kukayang'anitsa kudzuwa. Kenako anafunsa kuti nsaluyo ndi ya ndani. Nditawauza anakhala chete pang'ono, n'kupempha kuti amuveke okha mwanayo.

Lachisanu, kumapeto kwa Meyi

Mwana wakwanitsa masabata 6, ndipo lero tinapita naye kusikelo kukalandira katemera. Ulendo umenewu wasintha mapulani anga onse a tizovala totsala.

Mayi ake anamubereka, ine ndikuyenda pambuyo. Anavala kavesiti ka duwa kaja. Njira yonse ndinkayang'ana, ndipo duwalo sindinalione ngakhale kamodzi. Mwana wa kuno akakhala kumbuyo, chifuwa chake chimagunda msana wa mayi ake, chitenje chimamukuta mpaka m'khosi, ndipo zimene zimaoneka ndi mutu ndi timapazi totulukira m'chiuno mwa mayiyo. Tizovala ta kaunjikati anatikongoletsa pachifuwa chifukwa kumene tinasokedwa mwana amayenda chagada m'kangolo, anthu n'kumamuona kutsogolo. Ine ndinangotsatira zomwezo osaganiza.

Kusaoneka kokha sikukanandidetsa nkhawa. Titafika n'kumuvula kuti akwere sikelo, ndinaona kamzere kofiira kozungulira pamimba pake, ndendende mpendero wa duwa lija. Pamenepo pali chitenje chopindidwa kawiri, pulasitiki ya kadzidzi ndi vesiti, zonse zitapanikizika pakati pa iye ndi msana wa mayi ake kwa ola lathunthu. Kamzereko kanazimiririka tisananyamuke, ndipo mwana sanalire nako, koma mtima wanga unandipweteka. Tagwirizana kuti kavesiti kameneko azivala akakhala pakhomo, pamanja kapena pamkeka, osati paulendo.

Ndiye malo a zigamba ndawaganiziranso. Pamimba ayi. Kumsana ayinso, poti ndi kumene amagonera. Pa mkono umene anabayidwa katemera wa BCG, woteteza ku chifuwa chachikulu, patuluka kachilonda kakang'ono monga zimakhalira, ndipo anamwino anati tisakafinye kapena kupakapo kanthu, choncho pa manja a malaya sindiikapo chilichonse chokhuthala. Kwatsala pachipewa, pa miyendo ya ovololo chakumunsi kwa bondo mbali ya kunja, ndi tizigamba ting'onoting'ono chakumtunda kwa chifuwa pafupi ndi phewa. Timavesiti tiwiri ta 62 totsala tili ndi mabanga pafupi ndi khosi, kumene kunkagwera mkaka, ndiye tikugwirizana ndi zimenezi. Pa ito ndiika timasamba ta masentimita 3.

Tizipewa ndi timene tandisangalatsa. Tili ndi mpendero wopindikira kunja, nsalu ziwiri, ndiye singano imangogwira ya pamwamba yokha ndipo palibe ulusi ngakhale umodzi wokhudza mutu. Pamwamba, pa liwombo, sindinayandikirepo n'komwe. Usiku uno ndasoka katsamba kobiriwira pa kachipewa koyamba, chakumbali pamwamba pa khutu, kuti munthu woyenda pambali pa mayi ake azikaona.

Lachiwiri, sabata yoyamba ya Juni

Timavesiti tiwiri ta masamba tatha. Kachipewa kachiwiri katha, kali ndi nyenyezi. Nyenyezi ndi yovuta: nsonga zisanu, ndipo pa nsonga iliyonse nsalu yopinda imaunjikana, pomwe m'makona a mkati mulibe nsalu yokwanira kupinda. Sindibwerezanso.

Loweruka, pakati pa Juni

Chiperoni chafika. Kuyambira Lachinayi phiri la Ndirande silikuoneka, kukuwaza kamvula kosalekeza, ndipo matewera akutenga masiku awiri kuti aume. Ndasiya zina zonse n'kutenga kajuzi.

Kajuziko kali ndi bowo pa thumba la kutsogolo, chakumunsi. Maluko ake ndi aakulu, moti msoko wobisa uja sungagwire, umangodutsa m'mipata. Poyamba ndinatseka bowolo ndi ulusi kuti lisapitirire kumasuka. Kenako ndinasoka chigamba cha njovu ndi msoko woonekera, uja timauona m'mphepete mwa bulangete, ndi ulusi wopinda kawiri, msoko uliwonse ukugwira luko lathunthu. Popeza juzi amavala pamwamba pa vesiti, mkati mwake simukhudza khungu, komabe mfundo ndazibisa monga mwa masiku onse. Ulusi wa kajuziko si wa thonje, nsimbi yotentha ingakawononge, ndiye njovuyo ndinaisita payokha isanakwere. Chitamba chinandivuta chifukwa ndi chopyapyala, mpaka ndinachidula chachifupi ndi chonenepa kusiyana ndi mmene ndinajambulira.

Ndayenderanso tonse timene ndinamaliza kale, poti tsopano tachapidwa kambiri, ndipo mayi ake pochapa amafikisa ndithu. Duwa lozungulira silinasunthe paliponse. Timasamba tili bwino. Mchira wa chambo, pamene pagawikana, wayamba kutulutsa timaulusi, ndipo nsonga imodzi ya nyenyezi yatukuka. Ponse pawiri ndi pamakona akuthwa. Ndapabwereza ndi timisoko togundizana kwambiri, ndipo pa zotsalazi ndidula zinthu zokhotakhota mosalala zokhazokha.

Timavesiti ta 56 tamuthina, mabatani a kunsi sakutsekekanso. Mayi ake watichapa n'kutipinda, akuti tisungidwe m'sutikesi momwe muli chitenje cha agogo ake.

Lolemba

Kaovololo ka 62 katha, kali ndi kamwezi pa mwendo uliwonse, kunja chakumunsi kwa bondo. Mayi ake anamubereka kupita kuchigayo ndipo timiyezi tonse tiwiri tinkaoneka m'chiuno mwake. Atabwerako ndinamuvula n'kuyang'ana miyendo, palibe kamzere kalikonse.

Pa 12 paja, 9 tatha. Kwatsala kavesiti kamodzi ndi timaovololo tiwiri, tonse ta 68, timene avale cha mu Ogasiti. Pa chidutswa cha chitenje cha mayi anga patsala duwa limodzi lathunthu ndi masamba anayi. Masambawo apita pa miyendo ya timaovololo. Duwalo ndi lalikulu kwambiri kwa malo amene ndasankha, ndiye ndalibwezera m'sutikesi. Mawa ndipita kwa bambo atelala kukafunsa ngati ali ndi ulusi wobiriwira, wanga watsala pang'ono kutha.